Malamba a labala, zitsulo, makina kapena thupi lanu: kusankha chida cha mafizo mukavulala

Chikhakha chikachoka, kapena a fiziyo akakuonani bondo n'kukulemberani mafizo oti muzikapanga kunyumba, nkhani ya zida imabwera msanga. Ena amathamangira kugula malamba a labala a mitundu yonse, ena amalembetsa ku jimu, pomwe ena amangodikira tsiku lobwerera kuchipatala poganiza kuti popanda makina palibe chimene angachite.

Mnofu kapena mtsempha wovulala umalimba ukamapatsidwa ntchito yolemererapo kuposa imene wazolowera, ndipo ntchitoyo izikula pang'onopang'ono. Mu 1945 dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, analemba mmene ankachiritsira asilikali ovulala mawondo powanyamulitsa zolemera zomwe ankaziwonjezera iwo akamalimba. Mu 1948 iye ndi Arthur Watkins anakonza dongosolo la maseti 3 a maulendo 10 (seti ndi maulendo amene munthu amanyamula motsatizana asanapume): seti yoyamba pa theka la kulemera kumene munthu angakweze ka 10, yachiwiri pa magawo atatu mwa anayi, yachitatu pa kulemera konseko. Mpaka lero chimene chimachedwetsa anthu ambiri kuchira ndi kukhala miyezi pa kulemera kumodzimodzi, nthawi zambiri chifukwa chida chimene anagula chinafika pamalire ake iwo osadziwa.

Zoyenera kuona musanasankhe

Choyamba, chidacho chikuloleni kuwonjezera kulemera pang'onopang'ono, ndipo muzitha kulemba m'kope kuti lero mwanyamula zingati. Bungwe la American College of Sports Medicine limalangiza kuti mukayamba kupitirira maulendo amene munapatsidwa ndi 1 kapena 2, masiku awiri otsatizana a mafizo, muwonjezere kulemera ndi 2 mpaka 10 peresenti. Chida chodumpha kuchoka pa chopepuka kufika pa cholemera kwambiri sichingatsatire lamulo limeneli.

Chachiwiri, chizifika pa kulemera kumene chiwalocho chimafuna. Timinofu tozungulira phewa timakhuta ndi kilogalamu 1 kapena 2 poyamba. Minofu ya ntchafu ndi ya katumba imanyamula thupi lonse pa phazi lililonse limene mwaponda, ndipo pothamanga mtsempha wa kuchidendene umakokedwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo. Chokwanira paphewa chimakhala chosakwanira pamwendo.

Chachitatu, dziwani pamene kulemera kumagwera. Lamba amalemera kwambiri kumapeto, akatamuka. Chitsulo chimalemera kwambiri pamene mkono kapena mwendo wagona chopingasa, kutali ndi mfundo yomwe ikugwira ntchito. Ngati ululu wanu uli pamalo amodzi a kayendedwe ka chiwalo, kusiyana kumeneku n'kofunika.

Chachinayi, chikhale choti muzichigwiradi. Mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa umatenga pafupifupi masabata 12 kuti usinthe mooneka. Makina abwino omwe mumawafikira kamodzi pamwezi amagonja kwa sitepe ya pakhomo yomwe mumaiponda tsiku lililonse.

Pa za ululu, Karin Silbernagel ndi anzake ku Sweden anapereka muyeso wothandiza pa mavuto a mitsempha: mukayeza ululu kuchokera pa 0 mpaka 10, mutha kupitiriza mafizo ululu ukamafika pa 5, bola ukhale utatsika pofika m'mawa mwake komanso usamakule sabata ndi sabata. Muyeso umenewu sukhudza fupa lomwe silinalumikizane kapena bala la opaleshoni. Pamenepo malire amaika ndi dokotala amene anakuchitani opaleshoniyo.

Thupi lanu, sitepe ndi mnzanu

*Mtengo:* palibe chogula.

*Kapezekedwe:* paliponse pamene pali khoma, mpando wolimba ndi sitepe. Ena amaiderera njira imeneyi, komatu mafizo ena omwe ali ndi umboni wamphamvu kwambiri safuna chida chilichonse. Mu 1998 Håkan Alfredson wa ku Umeå, Sweden, anafalitsa dongosolo la mtsempha wa kuchidendene wopweteka pakati pake: mumaima ndi zala pamphepete mwa sitepe, mumakwera ndi mwendo wabwino, kenako mumatsitsa chidendene cha mwendo wopwetekawo pang'onopang'ono mpaka kutsika pansi pa sitepeyo. Maseti 3 a maulendo 15 bondo litawongoka, ena 3 bondo litapindika pang'ono, kawiri patsiku, masabata 12. Zikayamba kupepuka mumabereka chikwama chokhala ndi zolemera.

Poteteza minofu ya kuseri kwa ntchafu pali fizo yotchedwa Nordic. Mumagwada pa chinthu chofewa, mnzanu akukanikizira akakolo anu pansi. Thupi likhale lowongoka kuchokera m'mawondo mpaka kumutu, ndiye mumagwera kutsogolo pang'onopang'ono mukudziletsa ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu, mpaka mphamvu itatha n'kudzilandira ndi manja. Kafukufuku wa mu 2011 pa osewera mpira 942 ku Denmark anayamba ndi maseti 2 a maulendo 5 kamodzi pasabata, n'kumakwera mpaka katatu pasabata m'masabata 10, kenako kamodzi pasabata nyengo yonse ya ligi. Nick van Dyk ndi anzake atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana mu 2019 anapeza kuti matimu opanga fizo imeneyi amachepetsa kuvulala kwa minofuyi pafupifupi ndi theka.

*Kasamalidwe:* onetsetsani kuti sitepe si yoterera ndipo mpando sukugwedera.

*Zoopsa:* kulemera kwa thupi simungakuchepetse mmene mukufunira. Kwa munthu amene wangochoka pabedi, kunyonyomala kamodzi kokha kutha kukhala kolemera kwambiri. Kwa wothamanga, maulendo 30 sakhala kanthu. Kusintha kwake n'kwa makonzedwe: mpando wautali kenako waufupi, miyendo iwiri kenako umodzi, kutsika m'masekondi 2 kenako 5. Nordic imaphwanya ntchafu masiku awiri kapena atatu kwa woyamba, n'chifukwa chake simuyambira maulendo ambiri. Ndipo ngati ululu uli penipeni pamene mtsempha walumikizana ndi fupa la chidendene, musatsitse chidendene pansi pa sitepe chifukwa fupalo limafinya mtsemphawo. Panganirani pansi posalala.

Malamba a labala

*Mtengo:* wotsika kuposa zida zonse zogula, koma amatha, ndiye mudzagulanso.

*Kapezekedwe:* amapezeka mosavuta, amalowa m'thumba, ndipo alipo athyathyathya, ozungulira ngati paipi okhala ndi zogwirira, ndi ena ang'onoang'ono olumikiza ngati mphete ovala m'miyendo. Mitundu yake ndiyo imasokoneza anthu. Pa malamba a TheraBand mphamvu imakwera kuchokera pa wachikasu, wofiira, wobiriwira, wabuluu, wakuda, wasiliva mpaka wagolide. Mukamukoka mpaka kutalika kwake kutawirikiza kawiri, wachikasu amakoka ngati makilogalamu 1.3, wobiriwira ngati 2.1, wakuda ngati 3.3, ndipo wagolide ngati 6.5. Makampani ena ali ndi ndondomeko yawo ya mitundu, choncho wofiira wa kampani ina atha kukhala wolimba kuposa wabuluu wa ina.

Manambala amenewa akusonyeza pomwe lamba amathandiza ndi pomwe amathera. Paphewa ndi wabwino kwambiri. Tengani fizo yotembenuzira mkono kunja: chigongono chikhale chopindika madigiri 90 ndipo chigunde nthiti, pakati pake mupanepo thaulo lopinda, lamba amangidwe pa msinkhu wa chigongono. Mumakokera dzanja kunja masekondi 2, n'kulibweza masekondi 3. Thaulo likagwa ndiye kuti chigongono chachoka pamalo ndipo ntchito yapita ku minofu ina. Cholakwika china ndi kulola lamba kubweza dzanja mwamphamvu, pomwe kubwezako n'kumene kuli theka la phindu. Pamwendo wa munthu wamkulu amene akufuna kubwerera kukathamanga, makilogalamu 6 ndi ochepa zedi.

Kuyeza kumavuta chifukwa mphamvu ya lamba imadalira kutamuka kwake. Mukasendera phazi limodzi pafupi ndi chitseko, kapena mukagwira lamba pamalo ena, kulemera kwasintha. Lembani chizindikiro pa lamba pamene mumagwira, ndi china pansi pamene mumaima.

*Kasamalidwe:* labala amadana ndi dzuwa, kutentha ndi mafuta odzola. Mutsukeni ndi sopo wofewa, muyanikeni pamthunzi, ndipo musamusunge pawindo kapena m'galimoto yotentha. Musanayambe, mutambasuleni pang'ono moyang'anitsa kuwala kuti muone timing'alu, makamaka m'mphepete ndi pamene mumamanga mfundo. Kamng'alu kakaoneka, mutayeni. Mphete ndi zikhadabo zazitali zimamuboola.

*Zoopsa:* lamba akaduka kapena akasomphoka pomwe wamangidwa amabwerera kumaso, ndipo anthu avulalapo diso moopsa mwanjira imeneyi. Musamukokere molunjika kunkhope. Mukamupana pachitseko, imani mbali yoti kukoka kwanu kuzitseka chitsekocho. Anthu ena thupi lawo limadana ndi latex, labala wachilengedwe amene amapangira malamba ambiri, makamaka obadwa ndi vuto la msana la spina bifida. Kwa iwo alipo malamba opanda latex. Palinso njira ina imene yatchuka yomanga ntchafu kapena mkono kuti magazi aziyenda pang'ono pamene mukunyamula zopepuka. Kuchipatala amagwiritsa ntchito lamba wopopa mpweya yemwe mphamvu yake imayezedwa pa munthu aliyense, atafunsa kaye ngati munakhalapo ndi vuto la kuundana kwa magazi. Kudzimanga nokha ndi lamba wa mafizo n'kuika mwendo pachiswe.

Zitsulo zonyamula ndi zolemera zomanga pakakolo

*Mtengo:* wapakati, ndipo umakwera ndi makilogalamu. Mumagula kamodzi basi. Zosintha mbale zake n'zokwererapo mtengo poyamba koma zimalowa m'malo mwa zitsulo zingapo.

*Kapezekedwe:* ma dumbbell (zitsulo zonyamula ndi dzanja limodzi), ma kettlebell (zitsulo zobulungira zokhala ndi chogwirira pamwamba) ndi timatumba ta mchenga tomanga pakakolo n'zosavuta kupeza. Chikwama chakumsana chokhala ndi mabotolo a madzi chimagwiranso ntchito, popeza lita 1 ya madzi imalemera kilogalamu 1. Ubwino waukulu wa zitsulo ndi wakuti nambala yake sisintha: makilogalamu 8 a lero ndi omwewo mawa, ndiye kupita patsogolo kumaoneka m'kope. Zimaphunzitsanso thupi ntchito zenizeni monga kunyamula katundu pansi, kudzuka pampando mutanyamula kanthu, ndi kukwera masitepe.

Vuto lili pa zitsulo zing'onozing'ono. Kuchoka pa makilogalamu 2 kufika pa 3 n'kuwonjezera 50 peresenti, zomwe phewa lochira limalephera kulandira. Gulani zomwe zimakwera ndi theka la kilogalamu, kapena onjezani kaye maulendo kuchoka pa 8 mpaka 15 musanasinthe chitsulo. Zomanga pakakolo zabwino ndi zokhala ndi timatumba tochotseka. Zimenezi n'zimene amagwiritsa ntchito pa dongosolo la Otago la ku New Zealand, la okalamba, lomwe limaphatikiza kulimbitsa miyendo ndi kuphunzira kuima mosagwedera katatu pasabata, ndipo linachepetsa kugwa ndi pafupifupi 35 peresenti.

*Kasamalidwe:* pang'ono. Pukutani thukuta kuti zisachite dzimbiri, mangitsani zotsekera mbale nthawi iliyonse, ndipo sokani kathumba ka mchenga kakayamba kuchucha.

*Zoopsa:* chitsulo sichikutsogolerani njira, ndiye mukatopa kanyamulidwe kamasokonekera. Siyani seti mukadali ndi mphamvu ya maulendo ena 2. Kubanika mpweya pokweza kumakwezera BP m'mwamba mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pokweza, ndipo odwala mtima kapena BP afunse kaye dokotala. Musamayende mtunda mutavala zomanga pakakolo poganiza kuti mukulimbitsa bondo, chifukwa zimangosintha kayendedwe n'kulemetsa chiuno.

Makina a ku jimu ndi kuchipatala

*Mtengo:* wokwera kuposa zonse. Kugula a pakhomo sikupindula kwa munthu wochira chiwalo chimodzi. N'kwanzeru kulipira jimu miyezi 3 kapena 4 imene mukuwafunadi.

*Kapezekedwe:* muyenera kupita komwe ali, pa nthawi yake, ndipo ichi n'chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri. Koma pali ntchito imene makina amaichita bwino kuposa china chilichonse: kulemetsa mwendo umodzi kwambiri popanda mantha akugwa. Pa mtsempha wa kunsi kwa bondo, Mads Kongsgaard ndi anzake ku Denmark anayesa mu 2009 njira yonyamula zolemera mochedwa: katatu pasabata, masekondi 3 kutsika ndi 3 kukwera, kuyambira pa kulemera kumene munthu angakweze ka 15 mpaka kufika pa kumene angakweze ka 6 pokwana masabata 12. Mu 2015 njira yomweyi inayesedwa pa mtsempha wa kuchidendene ndipo zotsatira zake zinafanana ndi za dongosolo la Alfredson, chonsecho ikupangidwa katatu pasabata m'malo mwa kawiri tsiku lililonse. Kwa munthu wotanganidwa, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Zipatala zina zili ndi makina a Biodex kapena Cybex oyeza mphamvu ya mwendo molondola. Ntchito yake yaikulu ndi kuyeza. Pambuyo pa opaleshoni ya mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL, a fiziyo ambiri amafuna kuti mwendo wovulala ufike 90 peresenti ya mphamvu ya unzake musanabwerere m'bwalo, ndipo kungoyang'ana ndi maso sikungakuuzeni zimenezo.

*Kasamalidwe:* n'za eni ake, komabe yang'anani chingwe ngati sichinayambe kuthetheka ndiponso ngati chikhomo chosankhira kulemera chalowa chonse. Lembani nambala ya mpando wanu kuti muzikhala chimodzimodzi nthawi zonse.

*Zoopsa:* pa makina okankha ndi mapazi otchedwa leg press, mukamakankha ndi miyendo iwiri, mwendo wabwino umalanda ntchito mwakachetechete, inu n'kumaona nambala ikukwera pomwe wovulalawo sukusintha. Panganinso mwendo umodziumodzi. Musatsike mpaka matako kunyamuka pampando, chifukwa msana umapindika uli ndi katundu, ndipo musawongole mawondo mpaka kumapeto kwenikweni. Pa makina owongolera bondo, chozungulira chake chiyang'anizane ndi bondo lanu. Amene achitidwa opaleshoni ya ACL nthawi zambiri amayambira pakati pa madigiri 90 ndi 45, osawongola mpaka kumapeto, kufikira a fiziyo atavomereza.

Thabwa logwedera ndi ziponji zoimapo

*Mtengo:* wotsika, pilo wopinda amakwanira poyambira.

*Kapezekedwe:* n'zosavuta. Ntchito yake ndi imodzi: kuphunzitsanso mwendo kuzindikira msanga kuti phazi likupendekeka. Mukabinya pakakolo luso limeneli limachepa, n'chifukwa chake wobinya kamodzi amabinyanso. Ku Netherlands mu 2009, anthu 522 ochita masewera omwe anali atabinya anagawidwa pawiri, ndipo amene anapanga mafizo amenewa kunyumba masabata 8 anabinyanso mochepera ndi 35 peresenti. Yambani ndi kuima mwendo umodzi pansi masekondi 30, kenako mutatsinzina, kenako papilo, kenako pathabwa, pomaliza mukuponyerana mpira ndi wina.

*Kasamalidwe:* liikeni pamalo osaterera ndipo onani ngati silinang'aluke.

*Zoopsa:* kugwa, makamaka kwa okalamba ndi omwe mapazi awo sakumva bwino chifukwa cha shuga. Imani pakona ya chipinda, mpando wolimba uli kutsogolo. Thabwali silipatsa mphamvu, ndipo kunyamula zitsulo mutaimapo kumangochepetsa kulemera kumene mukanakweza pansi polimba.

Madzi

*Mtengo ndi kapezekedwe:* dziwe lofunda la kuchipatala, la madigiri pafupifupi 33 mpaka 35, limapezeka m'malo ochepa ndipo limalipitsa ulendo uliwonse. Dziwe losambira wamba limathandizanso. Madzi akafika m'chiuno miyendo imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwa thupi, akafika pachifuwa gawo limodzi mwa atatu, akafika m'khosi gawo limodzi mwa 10.

*Kasamalidwe:* sambani mukatuluka, ndipo tsukani lamba aliyense amene munalowa naye chifukwa mankhwala a m'dziwe amadya labala.

*Zoopsa:* musalowe ndi bala losapola kapena mukutentha thupi, ndipo odwala khunyu kapena mtima alowe pokhapokha dokotala atavomereza komanso pali wowayang'anira. Madzi amathandiza poyambira chabe. Fupa ndi mtsempha zimafunikabe kunyamula katundu pamtunda.

Chiti kwa ndani

Phewa lopweteka pokweza mkono: malamba awiri, wopepuka ndi wapakati, kenako dumbbell ya kilogalamu 1 mpaka 3. Jimu simukuifuna pakadali pano.

Kubinya pakakolo: lamba m'masabata oyambirira potembenuzira phazi mkati ndi kunja, kuima ndi zala pasitepe, ndiye pilo ndi thabwa masabata 8 athunthu ngakhale ululu utatha kale.

Mtsempha wa kuchidendene kapena wa kunsi kwa bondo: ngati jimu ili pafupi, makina katatu pasabata, ngati ili kutali, sitepe ndi chikwama cha mabotolo. Malamba okha sangakwanitse.

Pambuyo pa opaleshoni ya bondo: poyamba thupi lanu ndi zomanga pakakolo motsatira ndondomeko ya dokotala, kenako makina a mwendo umodziumodzi, ndipo muyezetse mphamvu musanabwerere kumasewera. Apa ndi pamene ndalama ya jimu imapinduladi.

Nyamakazi ya m'mawondo yopweteka kwambiri, kapena thupi lolemera: madzi masabata angapo oyambirira, kenako kudzuka pampando mutanyamula chitsulo pachifuwa.

Okalamba oopa kugwa: zomanga pakakolo zochotseka timatumba, mpando wolimba ndi khoma. Bungwe la WHO mu 2020 linalangiza kuti azaka 65 kupita m'tsogolo azipanga mafizo ophatikiza mphamvu ndi kuima mosagwedera masiku atatu kapena kuposerapo pasabata.

Timu yofuna kupewa kuvulala: Nordic ndi dongosolo lotenthetsa thupi la FIFA 11+, lomwe limatenga mphindi 20 ndipo silifuna makina. Jeppe Lauersen ndi anzake mu 2014 anapeza kuti kulimbitsa minofu kumatsitsa kuvulala pamasewera kufika pochepera gawo limodzi mwa atatu, pomwe kungodziwongola minofu sikunasonyeze phindu.

Amene akuchira sitiroko, kapena amene chiwalo chikuchita dzanzi, chikufooka mwadzidzidzi kapena chikutupa usiku wonse pambuyo pa mafizo, asagule chida chilichonse asanaonedwe ndi a fiziyo kapena dokotala.